Chibokosi Chosunga Chinsinsi cha ku Ofesi Kwathu

Chaka chimene kampani yathu yogula nandolo ndi thonje ku Balaka inabweretsa makina anzeru aja akuti AI, ine ndinali kalaliki, desiki yanga itayang'anana ndi khomo. Anatsegula kachipinda kamene tinkasungiramo matsache, anakapaka penti, n'kuikamo chibokosi chakuda chong'ung'udza tsiku lonse. Chibokosicho anachiikira makina oziziritsa mpweya, pamene ife anthu tinkawotcheka ndi dzuwa la Okutobala, malaya atamatirira kumsana. Magetsi akazima, jenereta inkalirira icho chokha.

Abwana anatisonkhanitsa pakhonde, chifuwa chili patsogolo. "Awa si a pafoni aja otumiza zonena zanu kwa azungu kunja," anatero. "Awa ndi athuathu, akukhala m'nyumba muno. Chimene mwalemba sichituluka pageti. Funsani chilichonse pakompyuta panupo, ngakhale za m'thupi mwanu." Tinawomba m'manja ngati atikwezera malipiro. Kunena zoona, pantchito makinawo ankathandiza, ndipo makalata a Chingerezi anasiya kunditulutsa thukuta.

Pafupi ndi ine pankakhala mayi wina wa ku Ntaja, wofatsa, wosasiyana ndi mpango kumutu. Tinkadyera limodzi, tinkaitanana achemwali. Ndinkadziwa kuti anapita padera kawiri, koma sindinkadziwa kuti nthawi imeneyo anali woyembekezera. Kwathu kuno mimba siilengezedwa, munthu amakhala chete mpaka chitenje chinene chokha. Iye anali ndi chifukwa chinanso chobisira. Makontrakiti athu ankawonjezeredwa msika ukatha, ndipo tonse tinkadziwa kuti abwana safuna mayi amene adzapite kutchuthi cha uchembere nandolo akadzayamba kubwera. Mwamuna wake ankangodalira kabaza, choncho ntchitoyo ndiyo inkagwira banja.

Tsiku lina m'mimba munamupweteka, mantha n'kumugwira. Ine sanandiuze. Anadikira tonse tituluke kukadya, n'kufunsa makina aja. Anamuyankha bwino ndithu, kuti asachedwe, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Anapita, anamuthandiza, anabwerako mtima uli m'malo.

Chimene abwana sanatiuze pakhonde paja n'chakuti zonse zolembedwa zinkasungidwa m'chibokosimo, ndipo kiyi wake anali ndi mlamu wawo, amene anamulemba ntchito yoyang'anira makompyuta. Mkuluyu ankakhala m'kachipinda kozizirako, mapazi patebulo, akuwerenga mafunso athu ngati nyuzipepala.

Zinaululika nthawi ya tiyi. Mnzangayo ananyamula ketulo kuti atithirire, mlamu uja n'kukweza mawu, pakamwa podzaza ndi mandasi: "Iyayi achemwali, musanyamule zolemera, pajatu muli awiri!" Amuna anaseka. Abwana sanaseke, anangomuyang'ana pamimba kwa kanthawi, kenako n'kupitiriza kutakasa shuga. Mnzangayo anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. Ine tiyi wanga ndinakamutaya panja.

Masana ndinamulondola mkuluyo kukachipinda kwake. "Achimwene, kodi mumawerenga zimene timalemba?"

"Ndimangoona ngati makina akuyenda bwino," anayankha, osachotsa maso pakompyuta. "Mwakwiya chiyani? Nanga zatuluka panja ngati?"

Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yakeyo ndimanyansidwa. Analibe manyazi ngakhale pang'ono. Kwa iye chinsinsi chinali chisanaswedwe, poti azungu akunja anali asanamve.

Msika utatha tonse anatiwonjezera makontrakiti, kupatula mnzangayo. Anamuuza kuti ntchito yachepa, ntchito yomwe inkatisowetsa mpata wopita kuchimbudzi. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu wokwerera minibasi. Sanalire, anangonena motsitsa mawu.

"Achemwali, ngakhale amayi anga ndinali ndisanawauze. Bola ndikanafunsa a pafoni aja. Mzungu wakunja sandidziwa, ndipo si iye amasaina kontrakiti yanga."

Ndinamuikira chikwamacho pamiyendo, minibasi n'kunyamuka.

Ine ndinatsala, poti nanenso ndinali ndi ana ofuna kudya. Makinawo ndinkawafunsa za makalata basi, ndipo ngakhale mutu undipweteke bwanji sindinkawauza. Patapita miyezi kunabwera alendo a makampani ena kudzaona chibokosi chathu chotchukacho. Abwana anawatsegulira kachipinda kaja, kamphepo kozizira n'kufika mpaka pamene ndinakhala.

"Chiikireni makinawa," anatero monyadira, "palibe chilichonse chathu chimene chinatulukapo pageti."

Alendo anagwedeza mitu, akulemba. Ine ndinayang'ana desiki ya mnzanga ija, imene tsopano ankaunjikapo matumba opanda kanthu.