Nthambi ya Jaglika

Ikonija sanakwatiwe. Anakalambira pakhomo pa bambo ake kumapiri a dziko la Montenegro, akukama nkhosa, kudwazika makolo mpaka kuwaika m'manda, kenaka kulera ana a mlongo wake wamng'ono, Radule. Ndiye Radule atafuna kuti mbiri ya banja lawo ijambulidwe ngati mtengo wa nthambi wopachika pakhoma, wotumidwa kukafufuza mayina a makolo anali Ikonija yemweyo. Miyendo ya Radule inali ndi chizolowezi chopweteka ntchito ikaoneka.

Ikonija anaigwira ndi mtima wonse. Anayenda m'matchalitchi kupempha mabuku a ubatizo, anapala ndere pamiyala ya kumanda, anafunsa nkhalamba zogontha mpaka mawu kusasa. M'menemo ndi momwe anapezera Jaglika, agogo a bambo awo, amene pakhomopo sankatchulidwa ndipo mwala wa pamanda awo unali wosalembedwa.

Jaglika anatsala yekha alongo ake onse atafera kunkhondo. Mwambo unkati akwatiwe achoke, moto wa nyumbayo uzime. Iye anakana. Anatenga mbusa wina wosauka kudzakhala mkamwini, ndipo ana onse anawabatiza m'dzina la kwawo kwa Jaglika. Choncho dzina limene Radule ankadzigugudira nalo pachifuwa linadzera mwa mkazi. Ikonija anamukonda mayiyu ngati anamuonapo ndi maso. Anafotokozera Radule zonse, iye nkugwedeza mutu, nkulonjeza kuti Jaglika akhala pakatikati pa thunthu.

Tsiku la phwando lokumbukira woyera mtima woteteza banja lawo, abale atadzaza nyumba, buledi atanyemedwa, makapu a kachasu wotchedwa rakiya akuyenda, Radule anavundukula mtengo uja. Ikonija anapukuta manja, navala magalasi. Anayambira kumizu nkumakwera ndi chala. Amuna okhaokha. Mbusa uja anali atasanduka mwana wobadwira m'nyumbamo, ndipo Jaglika panalibe. Pa bambo awo panaphuka nthambi imodzi basi, ya Radule.

Ikonija anakokera Radule kukhitchini.

"Iwe Radule, suja unandilonjeza?"

"Achemwali, mukufuna anthu aziti ndife zidzukulu za mkamwini? Akazi salembedwa, mukudziwa bwino. Mkazi amakumbukiridwa kumene wakwatiwa."

"Jaglika anakwatiwa pompano. Nanga ine ndidzakumbukiridwa kuti?"

Radule anayang'ana m'poto, nati alendo akudikira nyama.

Mwambowo sunamupweteke Ikonija, anakula nawo. Chinamulasa mtima n'chakuti mlongo wake, amene anamubereka kumsana ali khanda, ankadziwa zimene adzachite kuyambira tsiku lomwe ankagwedeza mutu lija. Nyamayo anaipereka ndithu, mbale nkutsuka.

M'mawa mwake sanakame nkhosa. Anatsikira kwa wosema miyala, namuuza kuti akalembe dzina la Jaglika pamwala wosalembedwa uja, ndipo m'munsi mwake alembenso la Ikonija mwiniyo.

Wosemayo anadabwa. "Mayi, inu mudakali ndi mphamvu. Zimenezi adzachita ndi abale anu."

"Lembani ndikuona," anatero Ikonija. "Abale angawo ndikuwadziwa."