Kapu ya pamanda a amayi

"Ukapita ku Joniko, pamanda a amako azikasesapo ndani?"

Anandifunsa choncho amake Fanizo, oyandikana nawo nyumba, tsiku limene ndinagulitsa mbuzi kuti ndipeze ya basi. Ndinangoseka, n'kuti akufa sathawa. Ganyu yothyola tiyi sinkakwanira, ndipo Tadala wanga anali atangosiya kuyamwa. Ndinamusiya m'manja mwa iwo omwewo, n'kukakwera basi pa Chinakanaka.

Kwathu tikatha kukolola, mudzi wonse umapita kumanda ndi makasu ndi matsache. Timalambula, timamwa thobwa la chimanga chatsopano, aliyense n'kumaloza kwa ana ake kuti apa pagona uje. Manda athu alibe ziliza. Pa amayi tinkapadziwira kapu yawo yachitsulo, imene tinavundikira kumutu. Manda akasowa wowaloza, ndiye kuti munthuyo wafa kachiwiri.

Ku Joni ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba ya eni. Nthawi ya masika yomweyo, mitengo ya kumeneko imayoyola masamba. Ndinkasesa pabwalo pa eni, mtima uli kumanda kwathu, popanda womuuza. Ndalama ndinkatumiza, malata anagulidwa. Koma pafoni ndinkafunsa za phala ndi za sukulu basi. Za kapu ndinkaopa, makamaka nditamva kuti napolo wadutsa kumunsi kwa mudzi.

Ndabwera chaka chino anthu akukolola. Tsiku losesa ndinalowa kumanda ndi tsache langa, koma ndinangoima. Madzi anasalaza mitumbira, kapu kulibe.

"A ku Joni asochera!" anaseka amake Fanizo. "Tadala, tawatsogolera alendowa."

Mwana anandigwira chitenje, n'kundikokera pa chitsamba cha nandolo.

"Agogo ali apa. Kapu inapita ndi madzi, ndiye tinadzala uyu. Sitidya, ndi wa agogo."

"Wakuuza ndani, iwe?"

"Amayi," anatero, akuloza amake Fanizo. Kenako anandiyang'ana, n'kuchita manyazi. "Amayi enawo."

Ndinagwada n'kuyamba kuzula udzu, iye akundiuza poyenera kulekeza kuti ndisalowe pa eni. Chaka chilichonse amake Fanizo ankabwera naye, ine osadziwa. Thobwa la tsiku limenelo ndinamwa mtima uli m'malo.

Amayi ndawapeza, mwana ndamupeza, nyumba sikudontha. Zimene ndinataya ndi izi: kapu ya amayi, masika anayi, ndi mano a mkaka a Tadala, amene anaguluka ine kulibe.