Apilo ya munthu amene amayi anamangitsa

Amayi anga anali ndi pakamwa, ndipo ine mwana wawo wamkazi ndinatengera. Kumudzi kwathu, kudera la Zingalume, mbuzi ikalowa m'munda mwawo wa mtedza, mwini wake ankamva mbiri ya makolo ake onse. Amene ankaimva kawirikawiri anali aneba athu, bambo wamtali wosayankhulayankhula. Tsiku lina atatopa ndi kulalatiridwa anangoti, "Mudzaona, mayi." Kwathu mawu otere satayika, anthu amawasunga.

Sabata yomweyo nkhokwe yathu inapsa masana, tonse tili kudimba. Chimanga chonse chinasanduka makala. Amayi sanafunse munthu. Anapita kupolisi, ndipo kukhoti la ku boma analumbira kuti anawaona anebawo akuchokera kunkhokwe moto utangoyamba. Kuwaona anawaonadi, koma kunali m'mawa, akufunafuna mbuzi zawo. Anebawo anagamulidwa kukakhala kundende zaka zingapo, n'kusiya mkazi ali ndi pakati.

Choonadi chinatuluka patatha chaka, ndipo chinatulukira pa ndewu ya m'banja. Amalume, alongo awo a amayi, anayambana ndi akazi awo, ndiye akaziwo anakuwa mudzi wonse ukumva: "Mukundiopseza ine? Inu amene munatentha tchire kufuna mbewa, moto n'kukapsereza nkhokwe ya alongo anu, munthu wosalakwa n'kumangidwa inu muli chete!"

Mudzi wonse unasanduka agonthi. Amalumewo ndiwo anali mwini mbumba, ndiwonso analera amayi makolo atamwalira. Amayi atanena kuti akaulula zoona kukhoti, abale anabwera kudzawakhazika pansi, kuwakumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Amayi anati, "Mlandu nawo suwola." Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti munthu wonama atalumbira amamangidwa, nanga akufuna kukasinthana malo ndi anebawo? Anandiyang'ana n'kunena kuti ndipope njinga.

Kukhoti anatiuza zimene sitinkazidziwa. Wodandaula sachita apilo, amachita ndi womangidwayo. Komanso nthawi ya apilo inali itapita kale, moti pankafunika kupempha kaye chilolezo kukhoti lalikulu ku Chipata, kudzera kwa loya wa boma wothandiza osauka. Amayi ankaganiza kuti akangonena kuti "ndinalakwitsa", chitseko cha ndende chitseguka tsiku lomwelo. Njira inali imodzi basi: kukaonana maso ndi maso ndi munthu amene anamumangitsa.

Ulendo woyamba anebawo anakana kutuluka atamva amene wabwera. Ulendo wachiwiri anatuluka, ataonda, maso ali pansi. Amayi, amene sindinawaonepo akupepesa kwa munthu aliyense, anagwada pa simenti pamaso pa asilikali a ndende.

"Bambo, ndinakunamizirani. Nkhokwe ija anawotcha ndi alongo anga, mwangozi. Chitani apilo, ine ndikaima kumbuyo kwanu."

"Mwabwera kudzandiseka?"

"Ndikanafuna kuseka ndikanasekera kumudzi, osavutika ndi ulendo."

Anebawo anafunsa ngati mwana wawo wayamba kuyenda. Amayi anati wayamba. Apilo anavomera tsiku lomwelo.

Za makhoti zimayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso. Amayi sanangokhala n'kumadikira. Ankalawirira kukalima m'munda mwa anebawo asanapite kumunda kwawo. Mkazi wa anebawo sankawapatsa moni, ndipo sindimuimba mlandu. Amayi ankangolima, akatopa n'kubereka kamwana kaja kumsana kuti mayi wake apumeko. Kwa amalume anapitako kamodzi kokha. Anati, "Alongo, munandilera, sindidzaiwala. Koma kukhoti ndikatchula dzina lanu, mukhalepo kapena ayi." Tsiku la mlandu amalume anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi, nkhope ili gwa, ndipo ananena zoona.

Woweruza anawadzudzula amayi kwambiri, moti ine ndinkati basi awatsekera. Amayi anangoti, "Zonse mwanenazo n'zoona, bwana." Sindinawanyadirepo ngati tsiku limenelo. Woweruzayo anawachenjeza n'kuwasiya, chigamulo choyamba chinafafanizidwa, anebawo anamasulidwa.

Tinabwerera galimoto imodzi mpaka ku Chadiza, kuchoka apo wapansi. Panjira amalume anatsalira m'mbuyo dala, ndipo kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo pathu.

Titalowa m'mudzi, mkazi wa anebawo anathamanga akululutira, kamtsikana kawo kakutsatira pambuyo. Bambo uja anagwada, natambasula manja. "Bwera, mama, ndine atate ako."

Kamwanako kanaima, kanamuyang'ana munthu wamtali wachilendoyo, kanayamba kulira. Kenako kanathamanga, kumulambalala, n'kukabisala m'chitenje cha amayi anga.

Amayi anakanyamula kuti akapereke kwa atate ake, koma kanawagwira m'khosi zolimba. Anebawo anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Kasiyeni," anatero. "Kakudziwa inu."

Kukhoti amayi sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Analira pamenepo, pakati pa bwalo, mwana wa eni ali m'manja.