Mizere ya Adokotala Ndinaifufuta Ndine

"Alamu, mwafufuta mizere! Mutu wanu ukugwira?" anakuwa mlongo wa mkazi wanga.

Mizereyo anajambula ndi adokotala ku Lilongwe, pachifuwa pa mkazi wanga, kuti makina owotcha khansa adzalunjike pomwepo. Tikudikira tsiku lake kwathu ku Mhuju, ndinawerenga pafoni kuti zomera zina zimateteza thupi ku cheza cha makinawo. Basi ndinasinja masamba a chamwamba n'kumutikita nawo mwamphamvu. Ine wa fomu folo!

M'malo movomera kulakwa kwanga, ndinam'menya mlamuyo chibakera pakamwa, dzino n'kuguluka.

Mkazi wanga anangothokoza m'chilankhulo chakwathu kuti, "Yewo chomene, bambo. Ndiye akayambirenso kundiyeza."

M'mawa mwake ndinatenga chikwanje n'kukhapa mtengo wa chamwambawo mpaka unagwa, ngati kuti ndiwo unali ndi manja.