Kaliyala ndi Chingwe Chosokera Fodya

Chaka chachitatu chikhalire chathu pa esiteti ya fodya kufupi ndi Santhe, abwana anagula galimoto yaikulu yosaopa matope, ya matayala ofika m'chiuno mwanga. Ine kwathu ndi ku Phalombe. Tinabwera kuno ndi bambo a mwana kudzalima fodya wa utenanti, ndipo mwana wathu wamkazi anabadwira konkuno. Mayi anga anali asanamunyamulepo. Ndinkawatumizira zithunzi pa foni ya mphunzitsi wina wa kumudzi, koma maso awo anachita ng'ala. Ankangoti, "Ndikuona kuwala basi, mwananga. Wafika pati tsopano?" Ine nkumayankha kuti wakula. Koma kukula kwa pa foni sikugwirika ndi manja.

Masiku awiri pa sabata ndinkachapa kunyumba yaikulu. Tsiku lina ndikuyanika zovala, adona anandiuza kuti abwana ndi anzawo atatu akupita kukagona m'matenti kuphiri la Mulanje, ndipo adzadutsa msewu wa kwathu.

"Katundu akakwera pamwamba, kumbuyo kutsala malo a munthu mmodzi," anatero. "Ungapite ndi mwanayo, akakutenganso pobwerera. Koma kaliyala wa padenga akhale atamangidwa. Apo ayi, matenti ndiwo akhale pampandopo."

Ndinathokoza mogwada. Panjira yobwerera kunyumba ndinafuna munthu womuuza, koma ndikanauza yani? Pa esiteti anthu amabwera ndi mvula nkupita ndi chisanu. Mnzanga amene tinkatunga naye madzi chaka chathacho anali atasamukira ku Mchinji. Ndinauza mwana ali kumbuyo, iye nkugona.

Unali mwezi wa Juni, nthawi yodinda mabelo. Bambo a mwana ankalowa m'shedi tambala atangolira nkutuluka dzuwa litalowa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Nditawafotokozera anati, "Pita ukawaone mayi. Ine jeke sindingamusiye." Jeke ndi chitsulo chija chopanikizira fodya kuti akhale belo. Basi, nkhani inathera pomwepo, anali atatopa.

Kaliyala anabwera Lachitatu pa ngolo, wogula kwa munthu wina amene anamugwiritsapo kale ntchito. Anali ngati bedi lachitsulo la miyendo isanu ndi umodzi. Adalaivala, bambo achikulire a cha ku Chisemphere, anamuzungulira kawiri akukanda m'mutu. Amuna onse anali ku jeke, ndiye panalibe wowathandiza. Ndinakhazika mwana pa chiguduli pansi pa mtengo wa bulugamu nkupita.

"Imwe mama, mukuti mungakweze chitsulo ichi?"

"Belo la fodya ndimaligubuduza ndekha, nanji kabedi aka."

"Kabedi! Mwanyoza katundu wa abwana. Alomwe pakamwa, ayi ndithu."

"Gwirani uko, adada, dzuwa likupita."

Tinayamba tayala bulangete padenga kuti utoto usakalike, kenako tinamukweza chakumbuyo nkumukankha pang'onopang'ono. M'mphepete mwa denga la galimotoyo muli kangalande koyendamo madzi a mvula. Mwendo uliwonse umayenera kuponda m'kangalandemo, ndipo kachitsulo kopindika kamakola kunsi, bauti nkumanga zonse pamodzi. Adalaivala anayeza ndi chikhatho uku ndi uku kuti kaliyala akhale pakati. Ine ndinakwera pa diramu, ntchito yanga kugwira nati ndi sipanala pamene iwo akupotokola bauti. Anandiphunzitsa kuti sumanga mwendo umodzi mpaka kumapeto. Umamanga pang'ono wa kutsogolo kumanja, nkupita wa kumbuyo kumanzere, choncho mozungulira, kuti chitsulo chikhazikike mofanana. Diramu ija ndinaikoka kuzungulira galimoto kangati, sindinawerenge.

Miyendo isanu inakhala bwino. Wachisanu ndi chimodzi, wa kumbuyo, unali lendelende, mpata wolowa chala changa cha mkombaphala. Mwina unapindika pa galimoto yakale ija. Adalaivala anamanga bauti mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, koma ukagwedeza unkalira kwe, kwe, kwe.

"Apa ndiye zavuta," anatero. "Ndi msewu wa mabampu uja, kangalande kang'ambika tisanafike ku Lilongwe. Ndikawauze abwana kuti matenti alowe mkati."

Matenti mkati, ndiye kuti ine panja.

Ndinawapempha kuti adikire. Ndinathamangira kunyumba nkumasula lekeni wa pa njinga yathu, mphira wa chubu amene timamangira thumba popita kuchigayo. Tinali naye mmodzi yekhayo. Ndinadulako zidutswa zitatu ndi mpeni, nkuzisanjika pansi pa mwendo uja monga timachitira kaliyala wa njinga akayamba kulira. Adalaivala anamanganso. Atatha anagwira kaliyala ndi manja awiri nkumugwedeza ndi mphamvu zawo zonse. Galimoto yonse inagwedezeka limodzi naye, phokoso ayi.

"Yewo, mama. Sukulu ya umakaniko munaphunzira kuti?"

"Pa njinga ya amuna anga."

Tsiku limenelo ndinaseka mokweza, mpaka mwana anadzuka nkundiyang'ana ngati mlendo.

Mawa lake tinakweza katundu. Zigubu za madzi ndi mbaula ya gasi anati zikhale mkati, pansi, chifukwa cholemera chikakhala pamwamba galimoto imapepeluka pokhota. Pamwamba panapita matenti, matiresi opinda, mipando ya nsalu ndi zikwama zogonamo. Ndinasanja ngati mmene timasanjira fodya, chachikulu pansi, mipata nkutseka ndi zing'onozing'ono, lona pamwamba, chingwe mopingasa. Zonse zinakwana, malo nkutsalako. Nditatsika ndinasuzumira pa windo. Mpando wa kumbuyo unali mbee. Ndinatsegula chitseko nkuupukuta ndi nsonga ya chitenje, ngakhale unalibe fumbi.

Lachisanu m'mawa ndinasambitsa mwana, kumudzoza mafuta, kumuveka diresi la kutchalitchi. M'kachikwama ndinaika mtedza wosenda, sopo ndi chitenje chatsopano cha mayi. Titafika kunyumba yaikulu ndinawerenga amuna oima pa galimoto. Abwana, anzawo atatu, adalaivala, ndi wina wa chipewa amene ndinali ndisanamuonepo. Ndinawerenganso.

Adona anatuluka akupukuta m'manja. "Pepa, iwe. Anzawo aja atamva dzulo kuti katundu yense wakwera pamwamba, aitana mlamu wawo. Inenso ndadziwa m'mawa uno."

Abwana anamenya kaliyala ndi chikhatho. "Ndamva kuti ndi inu munakonza mwendo uja. Mwagwira ntchito, mayi. Ulendo wina tidzakutengani."

"Zikomo, bwana," ndinatero. Nanga nkutani?

Adalaivala sanandiyang'ane kumaso. Ananamizira kukoka chingwe cha lona, nkunena chapansipansi, "Mama, munthu sindingamukweze pamwamba. Koma katundu malo alipo. Munasiya nokha."

Pa mfundo ya chitenje changa panali chingwe chosokera fodya, chimene sichindichoka nyengo imeneyi. Ndinaimika mwana pansi, chidendene pa tayala. Nsonga imodzi ndinaiponda ndi chala, nkukweza chingwecho mpaka pa liwombo pake, nkumanga mfundo. Iye ankayesa ndi masewera, ankadumpha, ndiye ndinayeza kawiri. Chotsala sindinadule, mpeni ndinalibe. Ndinachikulunga nkuchiika m'chikwama.

"Mukafika pa chigayo cha pamphambano, mukafunse mayi osaona bwino amene mwana wawo ali ku fodya. Mukawauze kuti kuyambira kunsonga kufika pa mfundo, ndi mdzukulu wawo."

Ndinakoka diramu, kukwera, nkumanga chikwamacho pakona ndi lekeni wotsala uja.

Dera lino ndi lathyathyathya. Galimoto ikachoka suchedwa kuisowa pansi, koma za pamwamba zimaonekabe. Ndinaona lona wobiriwira uja akuyandama pamwamba pa mapesi mpaka kutali. Mwana anandikoka chitenje. "Agogo?" Ndinamubereka nkupita ku shedi. Bambo ake anandiona ndi diresi la ulendo, anayang'ana mwana. Anangosuntha pa benchi kuti ndikhale, nkundikankhira mulu wa fodya woti ndisankhe.

Abwana ndi anzawo anabwerako patatha sabata. Chikwama changa chinali pakona pomwe paja, chomangidwa ndi lekeni yemwe uja. Munali nandolo wouma, makaka a chinangwa, ndi chingwe chija.

"Mayi achikana?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero adalaivala. "Anachiyendetsa m'zala mpaka anapeza mfundo. Kenako anaimirira, kuponda nsonga, nkuchikweza pa mwendo wawo. Akuti, 'Ndiye wafika apa.' Anakhala chigwirire nthawi yaitali, abwana mpaka kuliza hutala. Ndiye anandiuza kuti ndiwayeze iwonso. Akuti manja awo asunga kale, chingwe chibwerere, mwanayo adziwe pamene agogo ake afika."

Panalidi mfundo yachiwiri cha kumtunda, yomangidwa mwachimuna. Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko, kuponda nsonga, nkudziyeza. Pamene ndinkachoka kwathu, ine ndi mayi tinali ofanana msinkhu, anthu ankatiseka nazo. Mfundoyo inandilekeza pachibwano.

Chingwecho chili pa msomali kuseri kwa chitseko. Mwana anaipitirira kale mfundo yake ndi zala zinayi, ndipo amakonda kuima pamenepo nkutambasula dzanja kuti akhudze ya agogo ake. Sanaifikebe. Kwathu sindinapitebe. Galimoto ija imadutsa kuseri kwa nyumba yathu popita ku Lifupa kukaona nyama, matenti ali pamwamba, ndipo ndimasiya chimene ndikuchita nkutchera khutu. Mwendo uja sulira.