Ndalama za Nyumba Yanga Zinasanduka Ng'ombe ku Edingeni

Inu owerenga, nyumba yanga inatsala pang'ono kugulitsidwa ndi banki, ndipo wolakwa woyamba ndinali ine. Ndinkayesa kuti kukhala chete ndiye ulemu.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Ndinakulira m'manja mwa agogo ku Ntchisi, komwe ndinaphunzira kuti mwana wamasiye amangopenya, sayankhula. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linanditumiza ku Mzimba, ndipo ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Edingeni. Tinatenga ngongole kubanki n'kumanga nyumba ya zipinda zinayi pa Boma, chikole chake nyumba yomweyo. Ndinakawatenga agogo kumudzi. Aka kanali koyamba kuti agone m'nyumba yosadontha.

Geni ya chimanga ya mwamuna wanga itagwa ku Jenda, anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri kuno. Tinagwirizana kuti malipiro anga azitidyetsa, iye azibweza ngongole. Koma kwawoko ndalama ya mwana wamwamuna imafikira m'manja mwa bambo ake, osati mwa mkazi. Choncho ankapatsira madalaivala obweretsa katundu kuchokera ku Joni, iwo n'kukasiya kwa apongozi anga, amene analonjeza kuti azikapereka kubanki.

Maso ndinali nawo. Tikapita kumudzi ku Edingeni ndinkaona kuti ng'ombe zawonjezeka m'khola. Ndinkaziwerenga chamumtima, osafunsa. Mkamwana, monga amamutchulira mkazi wa mwana wawo, sayankhulana ndi apongozi aamuna maso ndi maso, ndiye ndikanayambira pati kuwapempha malisiti? Makalata a banki nawo ankapita ku adiresi ya kumudzi, imene mwamuna wanga analemba pa mafomu.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza amuna awiri akuyeza khonde ndi tepi. Anandionetsa kalata: miyezi isanu ndi itatu osalipira, nyumba ikugulitsidwa. Agogo anali pampando wawo pakhomo.

"Awuze andiyezenso ine," anatero. "Ogulawo adziwiretu kuti akugula ndi gogo yemwe. Ine sindisamukanso."

Ndinaimbira foni mwamuna wanga, n'kumuuza kuti ndalama zija bambo ake ayenera kuti anagulira ng'ombe. Anangoti ndifatse, nkhani ya ng'ombe ndi ya amuna, adzakonza akadzabwera pa Khirisimasi. Nyumba ikanapita Khirisimasiyo isanafike.

M'mawa mwake ndinapita ndekha kubanki. Mayi amene anandilandira anandifunsa komwe ndinali miyezi yonseyi, poti dzina langa linalinso pa ngongoleyo. Anati ndikanabwera mwezi wachiwiri, zonsezi sizikanafika apa. Komabe anavomera kuti ndikalipira theka la zotsalira pasanathe milungu itatu, aimitsa kugulitsako, n'kuwonjezera zaka zolipirira kuti ya pamwezi ichepe. Ndinawapempha kuti andilembere zimenezo papepala.

Loweruka ndinakwera galimoto ya ku Edingeni. Ndinadzera kwa azakhali a mwamuna wanga monga mwa mwambo kuti akandipemphere ndalamazo, koma yankho linabwera loti akuluakulu aganizire kaye. Ndinadikira mpaka ng'ombe zitabwerako kubusa. Kenako ndinachotsa mipiringidzo, n'kulowa m'khola, momwe mkamwana sapondamo, n'kukaima pambali pa ng'ombe yaikulu yofiira.

Mudzi wonse unatuluka. Apongozi aamuna anaima chapatali, nayankhula nane koyamba chikwatiwireni.

"Mkamwana, mwafuntha?"

"Sindinapenge, adada. Yofiirayi ndi Malichi ndi Epulo. Yakudayo ndi Meyi ndi Juni. Banki ikuzifuna."

Ndinawerenga kalata ija mokweza, mapazi atamira m'ndowe, ndipo ndinakana kutuluka. Apongozi aakazi, amene sankadziwa kuti ndalama zija zinali za nyumba, anakhala pansi pakhomo pa khola, maso ali pa amuna awo. Mdima usanagwe, ng'ombe ziwiri zinaperekedwa. Anandilipiritsa mbuzi chifukwa chophwanya mwambo. Mbuziyo ndinapereka, koma sindinapepese.

Ng'ombe ndinagulitsa kwa opha nyama pa Boma, n'kukalipira kutatsala masiku anayi. Zipinda ziwiri ndinaikamo anamwino a lendi, ine ndi agogo tikugona chimodzi. Mwamuna wanga anatha miyezi itatu osandiimbira. Kumudziko ena mpaka lero sandipatsa moni, amanditcha mkazi wolowa m'khola. Anene. Chimene chimandiwawa si dzinalo ayi, koma miyezi yonse ija imene ndinkawerenga ng'ombe nditatseka pakamwa.

Inu owerenga, ngati dzina lanu lili pa ngongole ya nyumba, onani lisiti ndi maso anu mwezi uliwonse, ngakhale wokapereka ndalamayo ndi munthu amene mumamugwadira. Makalata azifikira kwa inu. Mukalephera mwezi umodzi, pitani kubanki msanga mukakambirane, musadikire anthu a tepi. Ulemu wanga unatsala pang'ono kuwagoneka agogo panja. Lero akadali pampando wawo pakhomo paja, ndipo palibe anabweranso kudzayeza khonde.