Ba nasi anipatsa mbasela ya msana

Mwaswera bwanji nonse.

Nangochoka ku chipatala, nkhani ya msana uja wanivuta chaka chonse. Ukapanda kuchira, mbuzi za Khisimisi azagula ni ena. Ine ninapitira jakisoni. Ba nasi akuti jakisoni palibe, fupa lili bwino, ndipo kugona pa mphasa tsiku lonse ndiko kukuumitsa msana. Ananionetsa zochita: kugona chagada, kukokera bondo pachifuwa, kenako kutukula chiuno. Kakhumi, m'mawa ndi madzulo.

Mukunidziwa, mtengo woyamba sinivomera. Ninati, "Amayi, kakhumi ni kwa anyamata. Katatu."

"Kasanu ndi kawiri."

"Kasanu, tisiyane bwino."

"Chabwino, kasanu," anavomera osaganiza n'komwe. "Ndipo mbasela, muziyenda wapansi mpaka ku msewu tsiku lililonse."

Zaka zonsezi nagula mbuzi ku Kanakantapa, nidziwa kuti wogulitsa akavomera msanga, wadyedwa ndiwe. Kasanuko ndiko anali kufuna kuyambira pachiyambi. Mlamu wanu amake Tisa anali pomwepo, akuseka mpaka pano, ndipo akuti aziniwerengera okha.

Niyamba lero madzulo. Koma mukuona bwanji abale, nibwerere mawa kwa ba nasi nikayambire mtengo pa kawiri?